Yankees itagonja mu World Series ya 2024: mafunso ndi mayankho pa za osewera a 2025

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ife otsatira timu ya baseball ya New York Yankees takhala tikufunsana kuyambira pa 30 October 2024, tsiku limene timuyi inagonja kwa Los Angeles Dodgers pa bwalo lake lomwe ku Bronx n'kuonerera alendo akunyamula chikho cha World Series, mpikisano wotsiriza wa chaka mu baseball ya ku America. Ndikulemba chakumapeto kwa November 2024, msika wa osewera uli wotsegula koma mayina akuluakulu asanasaine kulikonse. Mayankhowa ndi maganizo a wochemerera, ndipo onse atsamira pa mfundo imodzi: Juan Soto, womenya waluso amene kontirakiti yake yatha, asungidwe, koma chimene chinatilanda chikho sikunali kusowa anthu omenya mpira mwamphamvu, kunali kulephera kuwakha, kuponyerana ndi kuthamanga moyenera.

Kodi timu imene yafika mpaka mu World Series tinganene kuti yakhumudwitsa?

Kwa matimu ambiri chaka chotere chikanakhala cha chikondwerero. Yankees inapambana masewero 94 n'kugonja 68, kuposa matimu onse a mu American League, kenako inatulutsa Kansas City Royals 3-1 ndi Cleveland Guardians 4-1, ndipo inalowa mu World Series koyamba chichokere mu 2009. Koma iyi ndi timu ya zikho 27, ndipo papita zaka 15 chitengere chomalizacho. Chopweteka kwambiri ndi kagonjedwe kake. M'masewero oyamba tinali patsogolo 3-2 mu inning (gawo la masewero) yakhumi, kutatsala kutulutsa munthu mmodzi yekha, pamene Freddie Freeman anamenya grand slam (home run, kapena kuti mpira wotuluka kunja kwa mpanda, yomenyedwa ma base onse atatu atadzaza n'kulowetsa anthu anayi) imene inathetsa masewero 6-3. M'masewero achisanu tinatsogola 5-0 koma tinathera 7-6. Masewero awiri amenewo anali m'manja, ndipo amene tinkadzuka 2 koloko usiku kuno ku Malawi kuti tiwaonere tinaona ndi maso athu mmene anapulumukira.

Chinachitika n'chiyani kwenikweni mu inning yachisanu imene aliyense akuitchulayo?

Woponya wathu, Gerrit Cole, anali asanapereke hit (mpira womenyedwa umene umafikitsa womenyayo pa base) ngakhale imodzi m'ma inning anayi oyamba, ndipo Aaron Judge, Jazz Chisholm ndi Giancarlo Stanton anali atamenya kale ma home run. Mu inning yachisanu, Kiké Hernández wa Dodgers atafika pa first base, Tommy Edman anamenya mpira wam'mwamba wolunjika kwa Judge ku center field, mpira wa mtundu umene amawakha tsiku ndi tsiku, koma unagunda glove n'kugwa pansi. Chaka chonse Judge anali asanalembedwepo cholakwa, ndipo choyambacho chinabwera pamenepo. Kenako Will Smith anamenyera pansi kwa Anthony Volpe, amene anaponyera ku third base mpira wofika modumphadumpha, Chisholm n'kulephera kuugwira. Ma base onse atatu anadzaza popanda wotuluka.

Apa Cole anaonetsa chifukwa chake amalandira ndalama zambiri, pakuti anatulutsa Gavin Lux ndi Shohei Ohtani motsatizana. Kunatsala munthu mmodzi kuti inning ithe popanda chovuta. Mookie Betts anamenya kampira kofooka koyenda pansi kulunjika kwa Anthony Rizzo, wosewera wathu wa pa first base. Lamulo limene woponya aliyense amaphunzitsidwa akadali mwana n'lakuti mpira ukapita mbali imeneyo, iye athamangire ku first base kukalandira. Cole anayamba kuthamanga, anaima, analoza ndi dzanja. Rizzo anadikira kuti aponyere munthu amene sanabwere. Betts, amene ankathamanga ndi mtima wonse, anafika woyamba, ndipo Kiké Hernández analowa. Freeman analowetsa awiri, Teoscar Hernández analowetsa ena awiri, ndipo 5-0 inasanduka 5-5. Ngakhale mu inning yachisanu ndi chitatu, pamene Dodgers inadzatsogola, glove ya Austin Wells, catcher wathu (wowakha mipira kumbuyo kwa womenya), inakhudza bat ya Ohtani n'kumupatsa first base yaulere.

Kodi limeneli silinali tsoka chabe la usiku umodzi?

Ndikanakonda kuti likhale tsoka, chifukwa tsoka silifuna kusintha timu. Koma m'masewero oyamba, mu inning yachisanu ndi chitatu, mpira wochokera kwa Soto unamupulumuka Gleyber Torres pa second base, Ohtani anapitirira mpaka third base ndipo anadzalowa kufananitsa masewero. M'masewero achitatu Stanton, amene aliyense akudziwa kuti miyendo yake siilinso ya liwiro, anauzidwa kuti athamangire ku home plate ndipo mpira unamupeza asanafike. Chaka chonse Torres analakwitsa ka 18, kuposa wina aliyense wosewera pa second base.

Mukayang'ana anthu amene anaima m'bwalo usiku womaliza uja, muona gwero lake. Judge ndi katswiri wa ku right field amene anasamutsidwira pakati kuti Soto apeze malo. Chisholm anali asanasewerepo pa third base asanachoke ku Miami Marlins mu July. Rizzo anali atangochira kumene zala ziwiri zimene zinathyoka kumapeto kwa September. Timu inasonkhanitsidwa poyang'ana ma bat okha, kenako anthuwo n'kumagawidwa malo otsala. M'masewero 162 a ligi ma home run amabisa zimenezi, koma mukakumana ndi timu ngati Dodgers, imene imathamangira mpira uliwonse n'kukukakamizani kuti muwakhe ndi kuponya molondola, zobisikazo zimaonekera poyera.

Nanga bwanji mukunenabe kuti Soto asungidwe, pamene iyenso si katswiri wowakha?

Chifukwa womenya wa mtundu wake, pa msinkhu wake, safika pa msika kawirikawiri. Anakwanitsa zaka 26 pa 25 October, tsiku lenileni limene World Series inayamba, pamene osewera ambiri amakhala omasuka kusankha timu ali ndi zaka za m'ma 30. Chaka chino wamenya ma home run 41, walowetsa ma run (mapointi) 109, ndipo oponya amupatsa first base ka 129 chifukwa sathamangira mipira yoipa. Home run yake ya mu inning yakhumi ku Cleveland, pamene anakana mpira pambuyo pa mpira mpaka anapeza umene ankaufuna, ndi imene inatilowetsa mu World Series. Judge, amene wangosankhidwa kukhala MVP (wosewera wopambana onse mu ligi) ndi mavoti onse atamenya ma home run 58, anachita zimenezo akumenya pambuyo pa munthu amene ankakhala pa base pafupipafupi. Mu 2023, Soto kulibe ndipo Judge atavulala chala chakuphazi, timuyi inapambana masewero 82 okha n'kulephera kulowa ndime yochotsana.

Palinso nkhani ya zimene zinaperekedwa kuti abwere. San Diego Padres inalandira osewera asanu mu December 2023, kuphatikizapo Michael King, amene tsopano ndi mmodzi wa oponya odalirika kumeneko. Kutaya onsewo chifukwa cha chaka chimodzi kungakhale kuwononga.

Mtengo wake udzakhala woopsa, ndipo tisadzinamize. Anakana madola 440 miliyoni a Washington Nationals mu 2022, womuyimira ndi Scott Boras, amene sadziwika ndi zochotsera mtengo, ndipo a Steve Cohen, eni ake a New York Mets, ali ndi ndalama komanso chifuniro. Ine ndikanapikisana nawo mpaka pomaliza, ngakhale zitatanthauza kontirakiti ya zaka zoposa 12. Chimene sindingavomereze n'chakuti a Hal Steinbrenner, eni ake a Yankees, akasaina Soto anene kuti ntchito yatha.

Ngati timu ndi yolemera chotere, chikuletsa n'chiyani kugula aliyense amene ikumufuna?

Mu baseball wosewera amene kontirakiti yake yatha atatumikira zaka zisanu ndi chimodzi sagulidwa ku timu yake yakale. Ndalama zonse zimapita m'malipiro ake. Palibenso malire okhwima a malipiro, koma pali msonkho umene timu imalipira ikapyola mlingo woikika. Mu 2025 mlingowo ndi madola 241 miliyoni, ndipo msonkho umakwera m'magawo mpaka gawo lomaliza la madola 301 miliyoni. Timu imene yapyola zaka zitatu zotsatizana, monga Yankees, imalipira 110 peresenti pa dola iliyonse yopitirira gawo lomalizalo. Choncho wosewera wa madola 20 miliyoni pamenepo amadya madola 42 miliyoni. A Steinbrenner ananena kale chaka chino kuti malipiro a pa mlingo umenewu sangapitirire mpaka kalekale.

Chilango china chimakhudza osewera amene timu yawo yakale inawalonjeza kontirakiti ya chaka chimodzi ya madola 21.05 miliyoni iwo n'kukana. Yankees ikasaina mmodzi wa iwo kuchokera ku timu ina, imataya mwayi wachiwiri ndi wachisanu posankha achinyamata mu draft, komanso dola 1 miliyoni ya ndalama zosainira anyamata ochokera kunja kwa America. N'chifukwa chake ndikuganiza kuti wosewera wotere asainidwe mmodzi yekha, ndipo akhale woyenerera chilangocho.

Soto akatsala, ndani adzaima pati ku outfield?

Funso ili ndi lovuta kuposa onse, ndipo yankho lililonse lili ndi chotayika chake. Malo a designated hitter, amene amamenya osalowa m'bwalo kukawakha, ndi a Stanton mpaka 2027, ndipo atamenya ma home run asanu ndi awiri mu ndime yochotsana palibe amene angamuchotsepo. Choncho Soto ndi Judge onse ayenera kuvala glove.

Maganizo anga ndi akuti Judge abwerere ku right field, Jasson Domínguez apatsidwe center field, ndipo Soto apite ku left field, kumene anasewera chaka chonse cha 2023 ali ku San Diego. Judge adzakwanitsa zaka 33 mu April, ndi munthu wamtali mamita awiri ndiponso wolemera, ndipo kontirakiti yake ya madola 360 miliyoni ikufika mpaka 2031. Kumuthamangitsa pakati pa bwalo tsiku lililonse n'kufupikitsa zaka zake zabwino. Domínguez, wa zaka 21, anavutika mu September ataikidwa kumanzere, koma anakulira pakati, ndipo sitingadziwe luso lake ngati tipitiriza kumusunga pa benchi. Vuto la ndondomeko imeneyi n'lakuti ku Yankee Stadium mbali yakumanzere ndi yotakasuka, mpanda wake wa chapakati uli pa mamita pafupifupi 122, pamene ngodya yakumanja ili pa mamita 96 okha, ndipo Soto si wa liwiro. Ndikuvomereza chotayikacho chifukwa chikubweza anthu awiri m'malo awo enieni. Trent Grisham, amene anapatapo Gold Glove (mphoto ya wowakha bwino kwambiri pa malo ake) kawiri, azilowa m'ma inning omaliza timu ikakhala patsogolo. Alex Verdugo amawakha bwino, koma avereji yake yomenya yotsika ya .233 sikupereka chifukwa chomusungira.

Pa first base pabwere ndani, poti Rizzo wachoka?

Timu inachita bwino kukana kumusunga pa madola 17 miliyoni n'kumulipira 6 miliyoni zotsazikirana, ngakhale ndi munthu wokondedwa ndi anzake. Amene ndikumufuna ndi Christian Walker wa Arizona Diamondbacks, amene wapata Gold Glove zaka zitatu zotsatizana kuyambira 2022 ndipo m'zaka zimenezo wamenya ma home run 36, 33 ndi 26. Munthu waluso pa first base amapulumutsa anzake onse atatu, chifukwa mipira yofika modumphadumpha imene ikanakhala zolakwa za Volpe kapena Chisholm iye amaitola. Adzakwanitsa zaka 34 mu March, choncho kontirakiti isapitirire zaka zitatu. Iyeyu ndiye amene ndingalolere kuti atidyere mwayi wa mu draft.

Ambiri akutchula Pete Alonso, ndipo mphamvu zake palibe angazikane, koma kusaina iye n'kubwereza njira yomwe ija ya bat patsogolo, glove pambuyo. Ndalama zikathera kwa Soto, Carlos Santana, amene wapata Gold Glove chaka chino ku Minnesota ali ndi zaka 38, angagwirizire malowo chaka chimodzi pamene Ben Rice akukhwima. Rice anamenya ma home run atatu m'masewero amodzi olimbana ndi Boston mu July, koma anakulira pa ntchito ya catcher ndipo first base akuiphunzira kumene.

Kodi Torres asiyidwe apite? Nanga Alex Bregman?

Torres apite, ngakhale zikundiwawa kunena zimenezi za wosewera amene tamuona akukula kuyambira 2018 ndipo anamenya bwino kwambiri m'miyezi yomaliza ataikidwa woyamba pa mndandanda. Akachoka, Chisholm abwerere pa second base, malo amene anasankhidwira mu All-Star mu 2022, ndipo iye ndi Volpe, amene anapata Gold Glove mu 2023, angapange pakati pa bwalo polimba ndiponso pa liwiro.

Zikatero third base itsala yopanda mwini. DJ LeMahieu ali ndi zaka 36, anamenya .204 m'masewero 67, ndipo timu ikuyenera kumulipirabe madola 30 miliyoni m'zaka ziwiri. Ndalamazo zinapita kale, ndipo zisakhale chifukwa chomupatsira malo. Bregman ndiye wabwino kwambiri pa malo amenewa pa msika ndipo wangopata Gold Glove. Ena sakumufuna chifukwa anali mu Houston Astros ya 2017 imene inatitulutsa n'kudzalangidwa mu 2020 chifukwa choba zizindikiro za oponya, ndipo ndikuwamvetsa. Chondiletsa ine ndi china: ndi womenyera kudzanja lamanja amene amakokera mipira yake kumanzere, kumene ku Houston mpanda uli pafupi koma ku Bronx uli kutali, ndipo mipira yambiri imene kwawo imatuluka kuno idzathera m'glove. Ndikanayamba ndi Oswaldo Cabrera, amene amawakha mokhulupirika, n'kufunafuna wina posinthanitsa ndi mmodzi wa oponya amene achuluka.

Nanga Soto akasankha timu ina?

Palibe munthu mmodzi amene angalowe m'malo mwake, ndipo cholakwa chachikulu chingakhale kuthamangira dzina lina lalikulu pofuna kutonthoza ochemerera. Ndalamazo zigawidwe. Judge angabwerere ku right field popanda mkangano. Cody Bellinger wa Chicago Cubs, amene anali MVP mu 2019, amasewera bwino pakati pa bwalo ndi pa first base pomwe, ndipo amamenyera kumanzere, zimene zikugwirizana ndi mpanda wapafupi wakumanja uja. Bambo ake, Clay, anaseweranso mu Yankees yomweyi. Cubs ili ndi anthu ochuluka ku outfield, choncho ingamvere zokambirana. Pamodzi ndi Walker, ndikanawonjezera woponya wamkulu, ndipo pakati pa Corbin Burnes ndi Max Fried ndikanasankha Fried, chifukwa ndi wamanzere, amachititsa omenya kumenyera pansi, ndipo iye mwini ali ndi ma Gold Glove atatu. Apa ndingalolere chilango chachiwiri cha mu draft. Timu yotere ingalowetse ma run ochepa kuposa ya chaka chino, koma ingaperekenso ochepa.

Oponya alipo okwana?

Oyambitsa masewero alipo asanu ndi mmodzi pa malo asanu: Cole, amene anagwirizana ndi timu kuti apitirize zaka zinayi zotsala pa madola 144 miliyoni, Carlos Rodón, Luis Gil amene wangosankhidwa kukhala wosewera watsopano wopambana mu American League, Clarke Schmidt, Nestor Cortes ndi Marcus Stroman. Stroman sanaponye mpira ngakhale umodzi mu ndime yochotsana ndipo akudikira madola 18 miliyoni, choncho ndi amene ndikanayamba kumufunira timu ina. Roki Sasaki wa Chiba Lotte Marines ya ku Japan ali ndi zaka 23 ndipo malamulo sakumulola kulandira zochuluka, motero timu iliyonse imuyesa. Ifenso timuyese, koma tisamuwerengere.

Kwa oponya olowa m'ma inning omaliza sindikanawononga ndalama zambiri. Clay Holmes, amene anataya chitsogozo ka 13 chaka chino, angapite. Luke Weaver, amene anatenga udindo wotseka masewero mu September, watsala pa madola 2.5 miliyoni okha. Weaver anatoledwa atasiyidwa ndi Seattle, Tim Hill atasiyidwa ndi Chicago White Sox, ndipo Holmes mwiniyo anabwera kuchokera ku Pittsburgh mu 2021 asakudziwika; mphunzitsi wa oponya, a Matt Blake, aonetsa kuti amatha kuwongola anthu otere. Hill abwezedwe, ndipo pafunike wamanzere wina mmodzi wotha kutulutsa omenya ndi ma strikeout. Akanakhalapo wotere, Cortes, amene anali asanaponye kuyambira pa 18 September chifukwa cha chigongono, sakanaitanidwa kukakumana ndi Freeman.

Kodi manijala, a Aaron Boone, sanayenere kuchotsedwa?

Timu yawasunga kale mpaka 2025, ndipo osewera amawakonda. Kusankha Cortes m'malo mwa Hill kunali kulakwitsa, koma si a Boone amene anagwetsa mpira kapena kuima panjira ya ku first base. Komabe akhala pa udindowu kuyambira 2018, ndipo timu imene imabwereza zolakwa zomwezomwezo pothamanga ndi poponyerana imaonetsa zimene aphunzitsi ake amalekerera. Wosewera akaleka kuthamanga kapena akaiwala malo ake, azikhala pansi mawa lake, kaya dzina lake ndi lalikulu motani. Mlandu wina ndi wa a Brian Cashman, amene akhala akusonkhanitsa timuyi kuyambira 1998, pakuti ndi iwo amene anapereka kwa manijala anthu osagwirizana ndi malo awo.

Judge amafooka ikafika October. Kodi timu isamudalire?

N'zoona kuti anamenya ma home run atatu okha m'masewero 14 ndipo ankathamangira mipira yakunja imene chaka chonse ankaisiya. Koma popanda iye October sitikanamuona n'komwe. Mutu umodzi susenza denga, ndipo chofunika n'chakuti mndandanda wa omenya ukhale wautali mokwanira kuti iye akazizira sabata imodzi timu isaime.

Tidzadziwa liti mmene timu ya 2025 idzakhalire?

Akuluakulu a matimu onse akumana ku Dallas mu December, ndipo nthawi zambiri mapangano aakulu amamalizidwa masiku amenewo. Zokonzekera zidzayamba ku Tampa mu February, ndipo masewero oyamba a ligi adzakhala pa 27 March ku Yankee Stadium polimbana ndi Milwaukee Brewers. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi nthawi ya pakatiyi. Boras amadziwika ndi kuchedwetsa zokambirana kuti mtengo ukwere, ndipo Walker, Fried ndi enawo sadzadikira mpaka kalekale. A Cashman ayenera kukambirana ndi womuyimira Walker panopa, nkhani ya Soto ili m'kati, chifukwa first base ikufunika munthu kaya Soto atsala kapena achoka, ndipo owakha bwino pa malo amenewo alipo ochepa pa msika wa chaka chino.